Mlandu wa Nthochi ya ku Tsatamwambo

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anawaiwala kunali ufumu wa Nyambitani, ndipo mwini wake anali Mfumu Yaikulu Sindilakwa Wachiwiri. Woyambayo, bambo wake, nayenso sanalakwepo mpaka tsiku limene anamwalira, moti anthu a ku Nyambitani anazolowera kuti zinthu zikavuta, wolakwa ankamufunafuna pakati pawo pomwepo.

Mumzinda waukulu wa Mtsekemera munali sukulu yapulaimale ya Tsatamwambo. Mphunzitsi wamkulu wake anali Mayi Fanesi Chagwanjira, mayi wamasiye amene ankati akatsokomola pakhonde, makalasi onse kuti zii. Ana ankawaopa, aphunzitsi ankawaopa, koma panali mdani mmodzi amene sankawaopa n'komwe, dzina lake Zunazuna. Amenewa anali madzi ofiira oundana, a m'timapepala tapulasitiki, otsekemera mwakuti nyerere zikawalawa zinkathamangira kukamwa madzi. Ankagulitsidwa pageti la sukulu iliyonse, ndipo dzina lake linalembedwa pakhoma la sukulu iliyonse m'malembo aatali kuposa mwana wa sitandade wani. Ana ankalowa m'kalasi malilime ali psuu, kudumphadumpha ngati ziwala, kenako n'kuyamba kuwodzera masamu ali pakati. Lolemba lililonse pankapezeka angapo ogwira tsaya, akulira dzino. Ena anali ojintcha ndithu pomwe mphamvu alibe, kuthamangira mpira pang'ono wefuwefu.

Pageti lomwelo pankakhalanso amayi a malichero, ogulitsa nthochi, mbatata yophika, chinangwa ndi mtedza. Wamkulu wawo anali Nangondo, amene anakulira mudzi umodzi ndi Mayi Chagwanjira, ndipo awiriwa ankaitanana kuti achemwali. Malonda a amayiwa ankayenda mokwawa, poti mbatata ilibe nyimbo yake pawailesi.

Mayi Chagwanjira anadandaula m'maofesi onse amene anali ndi chitseko. Kulikonse ankawapatsa mpando, kuwamvera mwaulemu, n'kuwauza kuti nkhani yawo ili pamwamba penipeni pa tebulo. Ikanakhalabe pamwamba pomwepo mpaka lero, pakanapanda mlendo.

Mlendoyo anali mfumukazi ya dziko loyandikana nalo, ndipo kwaya ya Tsatamwambo ndi imene inasankhidwa kukamuimbira kubwalo la mfumu. Ana anaimba ndi mtima wonse, kukamwa yasa. Mfumukaziyo inawayang'anitsitsa, n'kuweramira kwa Sindilakwa, n'kufunsa monong'ona ngati ana a ku Nyambitani amatafuna makala. Tsoka ilo, maikolofoni inali yoyatsa, ndipo funsolo linamveka pawailesi mpaka kumalire.

Maikolofoniyo inatsekeredwa tsiku lomwelo. Mawa lake nduna zinakumana. Nduna ina inati ana aziimba atatseka pakamwa. Ina inati pakakhala alendo tizibwereka ana a mano oyera kumayiko ena. Ina inati mwina vuto ndi maso a mlendoyo. Mfumu inazimvera zonsezi itagwira chibwano, kenako inaimirira n'kulengeza kuti palibe wokonda ana kuposa iyo, ndipo ikufuna lamulo loteteza mimba ndi mano a ana, lamulo laukali loti mayiko ena akalimva azichita manyazi. Inakhazikitsa komiti, ndipo wapampando inasankha mlamu wake, a Kokerakwawo, mwini fakitale ya Zunazuna, ponena kuti mdziko monsemo munalibe wodziwa shuga kuposa iwo. Mayi Chagwanjira anaitanidwa kuti akaimire aphunzitsi.

Tsiku lonyamuka anavala chilundu chawo cha ku ukwati, n'kuima pageti kuuza Nangondo kuti masiku a Zunazuna atha, akonzekere kuphika mbatata yambiri. Nangondo anangoseka n'kunena kuti adzakhulupirira akadzaona.

Komiti inakumana muhotelo yapaphiri, kutali ndi phokoso la ana. Patebulo lililonse panali Zunazuna wa ulere. Mayi Chagwanjira atapatsidwa mpata analankhula mosapsatira: zotsekemera zichoke pasukulu, mayina ake afufutidwe pamakoma, ndipo ana azilandira phala m'mawa. Anafotokoza za kamtsikana ka m'kalasi yoyamba kamene kanachotsedwa mano onse akutsogolo kasanadziwe kulemba dzina lake. Anthu anaomba m'manja. A Kokerakwawo anatulutsa kansalu n'kupukuta misozi.

"Mayi, mwandilasa pamtima," anatero. "Vuto lenileni n'loti ana athu akudya zinthu zosadziwika. Kholo lili ndi ufulu wodziwa chimene chikulowa m'mimba mwa mwana wake. Kodi ndikunama?"

Mayi Chagwanjira anavomera kuti sakunama, poti mawuwo analidi oona. Kuchokera pamenepo nkhani inatengedwa ndi maloya, amene ankalankhula chilankhulo chooneka ngati chathu chomwechi koma chosamveka. Mayiwo atapempha kuti awerenge zimene zalembedwa, anauzidwa kuti zapita kale kosindikiza, poti mfumu sidikira.

Lamulo linalengezedwa pabwalo, ng'oma zikulira. Linati chakudya chilichonse chogulitsidwa kwa mwana chikhale m'chikutiro cholembedwa zimene zili m'kati mwake, ndipo chikhale ndi chidindo cha mfumu. Linati pakhoma la sukulu pasalembedwenso dzina la chotsekemera chilichonse. Za phala linati lidzaperekedwa nthawi yake ikadzakwana. Pomaliza mfumu inaitana Mayi Chagwanjira kutsogolo, n'kuwaveka mendulo yokhala ndi nkhope yake, n'kulengeza kuti powalemekeza, lamuloli lizitchedwa Lamulo la Chagwanjira. Mayiwo anagwada, misozi ili m'maso. Mkati mwa phokosolo sanamvetse bwino zonse zimene zinawerengedwa.

Anazimvetsa sabata yotsatira. Anyamata a fakitale anabwera ndi zitini za penti n'kufufuta dzina la Zunazuna pakhoma, monga mwa lamulo. Atatero anapaka khoma lonse utoto wofiira n'kujambulapo lilime lalikulu likunyambita milomo, popanda chilembo ngakhale chimodzi, moti tsopano ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga uthengawo ankaumva. Timapepala ta Zunazuna tinatuluka tatsopano, tili ndi chidindo cha mfumu ndi timalemba ting'onoting'ono ta chilankhulo cha kutsidya kwa nyanja, tofunika magalasi awiri. Kenako kunafika asilikali ndi zibonga. Anafunsa amayi a malichero kuti aonetse zolemba za pambatata yawo. Zitasowa, anawathamangitsa, n'kulanda malichero onse. Nthochizo anadya okha asilikaliwo pansi pa mtengo, pofuna kutsimikiza kuti sizifika m'kamwa mwa mwana aliyense. Pageti panatsala Zunazuna yekha.

Loweruka Mayi Chagwanjira anapita kumsika. Atangolowa mumzere wa ndiwo zamasamba, macheza anaduka. Anapeza Nangondo atakhala pamphepete pa benchi la mnzake, akuthandizira kugulitsa matimati a eni ake, poti lichero lake linapita ndipo kunyumba kunali adzukulu oyembekezera kudya. Mayiwo analoza mulu umodzi.

"Pepani aphunzitsi aakulu," anatero Nangondo, maso ali kumbali. "Matimati awa alibe chidindo. Tikuopa mungadwale."

Mawu oti aphunzitsi aakulu anawapweteka kuposa kumanidwa matimatiwo. Anayesa kufotokoza kuti si zimene anapempha, koma mayi wina wogulitsa nyemba anawakumbutsa kuti walira mvula walira matope, n'kuwonjezera kuti chodabwitsa n'choti mvula analira wina, matope akuponda ena. Mkulu wina wosoka nsapato, amene ankamvera zonsezi ulusi uli kukamwa, anati iye sakuona vuto ndi lamulolo, wolakwa ndi Mulungu, amene anaipatsa nthochi chikutiro chabwinobwino koma n'kuiwala kulembapo. Msika unaseka. Mayi Chagwanjira anabwerera kunyumba dengu lili pululu.

Lolemba anatenga nthochi imodzi n'kupita nayo ku Ofesi ya Zidindo. Kalaliki anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa dzina la fakitale imene inapanga. Atamuuza kuti inachokera kudimba, iye anati dimba si fakitale. Anawonjezera kuti ngakhale likanakhala fakitale, nthochi sizifanana, ndiye iliyonse iyenera kuyezedwa payokha, ndipo makina oyezera adzagulidwa nthawi yake ikadzakwana. Mayiwo anapitirira kunyumba ya mfumu, mendulo ili pachifuwa. Mfumu sanaione. Anaonana ndi nduna ina imene inawauza mwachifundo kuti lamulolo layamikiridwa kale ndi alendo a kunja, lalandira ngakhale mphoto, ndipo lamulo lolandira mphoto silikhudzidwa. Inawafunsanso ngati akufunadi kunyoza lamulo lokhala ndi dzina lawo lomwe.

Pobwerera, mawu a wosoka nsapato uja ankangowazungulira m'mutu. Madzulo ake anapita kwa Nangondo, n'kukhala pamkeka osadikira kuuzidwa, n'kumupempha kuti mawa abwere ndi nthochi zonse zimene angapeze, alowe nazo m'kati mwa mpanda wa sukulu. Nangondo anakana, nati zibonga anazilawa kale ndipo sizitsekemera. Mayi Chagwanjira anamulonjeza kuti ukabuka mlandu udzakhala wawo okha. Anakambirana mpaka nkhuku zitayamba kulowa m'khola, ndipo Nangondo anavomera, osati chifukwa chokhulupirira, koma chifukwa adzukulu aja anali atayamba kuonda.

M'mawa mwake ana a sitandade folo anadabwa kuona kuti phunziro la kalembedwe lilibe makope. Aliyense anapatsidwa nthochi ndi cholembera, ndipo pabolodi panali mawu oti akopere pakhoko: Nthochi. Zam'kati: nthochi. Chinatsala chidindo. Mayi Chagwanjira anavula mendulo yawo, n'kuinyika mu inki ya mu ofesi, n'kuidinda pakhoko lililonse. Nkhope ya Sindilakwa Wachiwiri inatuluka bwinobwino, ndevu ndi chisoti chomwe, yokhota pang'ono motsata msana wa nthochi.

Palibe ankayembekezera zimene zinatsatira. Mwana aliyense ankafuna nthochi ya nkhope ya mfumu, makamaka imene walemba yekha. Ankapikisana kuti wa malemba okongola ndani. Amayi ena a malichero anabwerera mmodzimmodzi, ndipo zinapezeka kuti mbatata nayo imadindika ikazizira. Kalembedwe ka ana a ku Tsatamwambo kanasintha moti aphunzitsi a sukulu zina anayamba kubwera kudzafunsa chinsinsi. Mnyamata wogulitsa Zunazuna pageti ankangogona pabokosi lake. Lolemba lina linadutsa popanda wogwira tsaya, ndipo Mayi Chagwanjira anapezeka akuimba okha mu ofesi.

Nkhani inafika kwa a Kokerakwawo, ndipo akuti analiranso. Anathamangira kwa mlamu wawo kukanena kuti za malonda alibe nazo kanthu, chimene chikuwawawa ndi ulemu wa mfumu. Ku Tsatamwambo, anatero, ana akusenda nkhope ya mfumu ndi zikhadabo, n'kuitaya m'fumbi, mbuzi n'kumaidya. Asilikali anafika nthawi ya buleki. Mayi Chagwanjira anaima pakhomo n'kuwauza kuti amayiwa angobwera poitanidwa, wolemba ndi wodinda ndi iwo. Anawatenga okha, pamodzi ndi nthochi imodzi ya umboni.

Tsiku loyamba la mlandu khoti linadzaza mpaka m'mawindo. Kalaliki atawerenga kuti Chagwanjira akuimbidwa mlandu wophwanya Lamulo la Chagwanjira, wosoka nsapato uja anafunsa mnzake, mokweza pang'ono, kuti ndiye wodandaula ndi uti. Woimira ufumu anapereka maumboni awiri: nthochi yodindidwa, ndi kapepala ka Zunazuna kosonyeza mmene chakudya chomvera lamulo chimaonekera. Zonse zinaikidwa mukabati, kabati n'kukhomedwa, mlandu n'kuimitsidwa kaye.

Unaima ndithu. Woweruza anapita kumaliro a azakhali ake. Atabwerako anapita kumaphunziro a kafulumizitsidwe ka milandu. Atabwerako, kiyi wa kabati anali atapita kutchuthi ndi mlonda. Mayi Chagwanjira ankangokhala kunyumba, ataimitsidwa ntchito, akumva kwa anthu odutsa kuti pageti malilime afiiranso. Akadandaula za kuchedwako, akhoti ankawatonthoza kuti mlandu suola.

Mlandu sunaoledi, koma nthochi inaola. Tsiku limene kabati inatsegulidwa, munatuluka fungo limene linathamangitsa a pabenchi lakutsogolo, ndi mtambo wa tintchentche. Pamene panali nthochi panali chinthu chakuda chonyowa, nkhope ya mfumu itasungunukira momwemo. Pambali pake kapepala ka Zunazuna kanali chikhalire, kofiira, kowala ngati kachokera kumene kufakitale, popanda kachilombo ngakhale kamodzi kokayandikira.

Woimira ufumu ananyamula zonse ziwiri, china ndi dzanja, china ndi fosholo, n'kupempha khoti kuti lidzionere lokha chakudya chodalirika. Anafunsa kuti chinthu chimene chalephera kupirira mukabati ya boma chingapirire bwanji m'mimba mwa mwana. Woweruza analemba mawuwo mosamala, kenako anafunsa woimbidwa mlandu ngati ali ndi chonena.

"Bwana woweruza," anatero Mayi Chagwanjira, "ntchentche zakhala m'kabatimo nthawi yonseyi. Zinali ndi njala, ndipo zinali ndi ufulu wosankha. Chofiiracho zachikana. Ine ndinkangofuna kuti ana anga asadye chimene ntchentche zikukana."

Kumawindo kunamveka kung'ung'udza kovomereza. Woweruza anamenya tebulo n'kugamula kuti ntchentche sizinalumbire, choncho umboni wake sungalandiridwe. Anapeza mayiwo olakwa pa zonse: kugulitsitsa chakudya chosakhalitsa, kudinda popanda chilolezo, ndi kuoletsa nkhope ya mfumu.

Chilango chinavuta. Nduna zinaona kuti kutsekera Chagwanjira m'ndende pamene Lamulo la Chagwanjira likuyamikiridwa kunja kungasokoneze alendo. Ndiye mfumu, mwa chifundo chake chodziwika, inangolamula kuti mendulo ibwezedwe, itsukidwe, ndipo mayiwo asamutsidwire ku Taiwalika, sukulu ya kumalire kumene boma linkatumiza aphunzitsi amene silikufuna kuwamvanso. Tsiku lonyamuka Nangondo anabwera m'mamawa, anasenza chikwama chawo mpaka kokwerera basi. Basi itayamba kulira, anawapatsira pawindo kamtolo ka mtedza wokazinga.

"Mudye msanga achemwali," anatero. "Ulibe chidindo."

Basi inathera pamene msewu unathera. Kuchokera apo unali ulendo wapansi, kukwera zitunda, kuwoloka mtsinje madzi ali m'chiuno. Sukulu ya Taiwalika inali ya udzu, mabenchi ake mitengo yogoneka. Koma tsiku loyamba, ana atawalonjera, Mayi Chagwanjira anaima kakasi poona mano awo oyera mbee. Kunalibe lole ya Zunazuna imene inafikako, kunalibenso msilikali, moti anthu a kumeneko Lamulo la Chagwanjira sanalimvepo, ndipo dzinalo ankangoliona ngati dzina la munthu. Nthawi ya buleki ana ankatulutsa masuku, mbatata, nthochi, chimanga chootcha, chilichonse chimene nyengo yapereka. Miyezi ya njala inkawakhaulitsa ndithu, ndipo mayiwo anakakamiza makolo kulima dimba la sukulu kuti kukhale phala, limene nthawi yake inakwana popanda kufunsa ofesi iliyonse. Kwa nthawi yoyamba anayamba kugona tulo tabwino, n'kumaganiza kuti mwina mfumu inawalanga molakwitsa.

Koma Taiwalika anali ndi chilonda chake. Dzinja lina mkazi wa a Mkwezalamba, woyandikana nawo nyumba amene ankasamalira dimba la sukulu, anavutika pobereka. Amuna anamunyamula pamachira kulowera kuchipatala, Mayi Chagwanjira akutsatira ndi nsalu ndi madzi. Anapeza mtsinje utadzaza. Anadikira pagombe mpaka madzi ataphwa pang'ono, koma atawoloka panalibenso chothamangira. Anabwerera ndi machira omwewo, akuyenda pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo mayiwo anamvetsa chifukwa chake Lamulungu lililonse mpingo wa ku Taiwalika unkapempherera msewu.

Pempherolo linayankhidwa. Tsiku lina kunafika anthu a zipewa zolimba, akukhoma zikhomo m'zitunda, ndipo wamkulu wawo analengeza kuti Mfumu Yaikulu yakumbukira Taiwalika. Kudzamangidwa msewu ndi mlatho, mphatso yochokera kwa a Kokerakwawo, amene akuti sagona tulo akaganizira ana amene sanafikiridwe. Mudzi wonse unavina. Zikhomozo zinali zopakidwa utoto wofiira, ndipo Mayi Chagwanjira anauzindikira utotowo.

A Mkwezalamba anawapeza atakhala okha m'mphepete mwa dimba, n'kuwafunsa chifukwa chake sakuvina nawo. Mayiwo anawafotokozera zonse za ku Mtsekemera, ndipo anamaliza n'kunena kuti galimoto yoyamba kuwoloka mlathowo sidzakhala ambulansi, idzakhala lole ya Zunazuna. A Mkwezalamba anathothola dothi kukhasu.

"Ndamva, aphunzitsi," anatero. "Lole itsogole. Bola ambulansi idzapeze podutsa."



Lamulungu lotsatira tchalitchi chinadzaza. Abusa anayamika chifukwa cha msewu, napempherera amene adzaumange, amene apereka, ndi zonse zimene zidzayende pamenepo. Mpingo unavomera ndi Ameni wamphamvu wogwedeza udzu wa padenga. Ameni wa Mayi Chagwanjira anabwera pambuyo, yekha, wotsika mawu, abusa atatsegula kale buku la nyimbo.